Viniga, kathonje ka HPV, Pap kapena kamera ya AI: tiyezetse njira iti khansa ya khomo la chiberekero kuno ku Zomba?

Lachinayi lapitali ku banki m'khonde kwathu ku Chinamwali titamaliza kuponya masheya nkhani inangotembenuka yokha, mayi wina anati wamva zoti masiku ano poyezetsa khansa ya khomo la chiberekero umatha kudzitenga wekha zoyeza osavulira munthu, wina nkuti ayi iye wamva za kamera yomwe imajambula nkukuuza pompo ngati uli nayo, ndiye atcheya athu, mayi wamkulu ndithu wa zidzukulu, anangoti "ine zimenezo ayi ana inu, amati amatulutsa chiberekero nkuchiika pa mbale." Tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka koma tinabalalika aliyense ali ndi zakezake mmutu.

Ine nkhaniyi imandikhudza. Azakhali anga anakhala miyezi akutaya magazi atasiya kale kusamba, iwo nkumati mwina kumwezi kwangobwerera, akumwa zitsamba, osauza munthu chifukwa cha manyazi. Pomwe tinkawatengera kuchipatala nkuti zitafika kale patali. Ndipo si azakhali anga okha, Malawi ili m'gulu la mayiko omwe khansa imeneyi yavuta kwambiri pa dziko lonse, chiwerengero cha 2020 chinkaonetsa amayi oposa 4,000 opezeka nayo pa chaka ndipo pafupifupi 3,000 akumwalira.

Chomwe chimandiwawa nchoti khansa iyi simabwera mwadzidzidzi. Imayamba ndi kachirombo ka HPV kamene kamafala pogonana, ndipo anthu ambiri timakatenga nthawi ina mmoyo thupi nkukachotsa lokha pasanathe zaka ziwiri osadziwa nkomwe. Vuto limabwera kakakakamira, makamaka mitundu iwiri, 16 ndi 18, yomwe imayambitsa pafupifupi 70 mwa 100 ya khansa zimenezi. Kuchoka pomwe kachirombo kakakamira kufika pa khansa yeniyeni pamadutsa zaka 15 mpaka 20, koma kwa mayi amene chitetezo chake chatsika, monga yemwe ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV, zimatha kukhala zaka 5 mpaka 10 zokha. Zaka zonsezo pa khomo la chiberekero pamakhala posintha pang'ono pomwe anesi atha kupawotcha mmasekondi ochepa nkhani nkutha. Kuyezetsa kwenikweni nkusaka pamenepo.

Ndisanayambe, atcheya ndi ena nonse oopa: palibe chiberekero chimatulutsidwa. Umagona chagada pa bedi, anesi amalowetsa kachitsulo kapena kapulasitiki kooneka ngati mlomo wa bakha kuti njira itseguke aone khomo lili mkatimo, amaunika ndi tochi, basi. Kamazizira, sikasangalatsa, koma chiberekero chimakhala pamalo pake.

Zomwe ndikuyang'ana pa njira iliyonse

Choyamba mtengo, ndipo sindikunena ndalama ya pa windo yokha ayi, ndikuwerengera thiransipoti ndi tsiku lomwe geni yaima. Kwa mayi wa ku Kachulu kapena ku Chisi ulendo wachiwiri wokatenga zotsatira ndi ndalama yeniyeni. Chachiwiri kupezeka, kodi chinthucho chilipo pafupi kapena timangochimva pa wailesi. Chachitatu zobwereza, mudzabwereranso liti komanso kuchipatalako chimafunika nchiyani kuti njirayo isaime. Chachinayi zoopsa zake, kuphonya matenda alipo kapena kukuwotchani pomwe panalibe vuto.

Koma pamwamba pa zonsezi ine ndimafunsa funso limodzi, kodi zotsatira zindipeza, nanga zikatuluka zoipa thandizo ndilandira liti? Kuyeza kwapamwamba komwe pepala lake latsalira mu labu sikunathandize munthu.

1. Viniga, yomwe achipatala amati VIA

Iyi ndi yomwe ambiri timaidziwa. Anesi amapaka viniga wosungunula bwino pa khomo la chiberekero, amadikira mphindi imodzi, pomwe pali vuto pamayera mbuu. Amakuuzani pompo musanavale nkomwe nsapato.

Mtengo: m'zipatala za boma ndi ulere. Ku zipatala za mishoni ndi zapulayiveti funsani kaye chifukwa kwina kumakhala kolipira. Ulendo ndi umodzi, apa ndiye pali mphamvu yake.

Kupezeka: ndi njira yomwe pologalamu ya boma yadalira kwa zaka zambiri kwa amayi a zaka 25 mpaka 49, ndipo imayenda limodzi ndi kiliniki ya ma ARV komanso ya kulera. Funsani alangizi a zaumoyo a kwanu masiku omwe amayeza, pena amaika masiku apadera, musangodzukira. Mufunsenso ngati pamalopo ali ndi kachipangizo kowotchera, chifukwa VIA yabwino ndi yomwe amayeza nkuthandiza tsiku lomwelo. Kachipangizoko nkogwira pamanja, ena amayendera batire, kansonga kake kamatentha kufika madigiri 100 ndipo amakagunditsa pamalopo masekondi 20 kapena 30. Mmimba mumapota ngati tsiku loyamba la kumwezi kenako zimatha.

Zobwereza: mukapezeka bwino bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati zaka zitatu zilizonse, ndipo anesi atha kukulemberani tsiku lapafupi malinga ndi mmene mulili. Mukawotchedwa mumatuluka chikazi chamadzimadzi kwa masabata angapo, mumafunika kudikira pafupifupi mwezi osagonana kuti bala lipole, ndiye abambo akunyumba auzidwe bwinobwino, kenako kubwereranso pakatha chaka.

Zoopsa: zonse zili mmaso mwa woyezayo. Nesi wozolowera amaona zomwe watsopano angaphonye, ndipo anesi awiri atha kuyang'ana khomo limodzi nkunena zosiyana. Kutupa wamba kochokera ku matenda ena kumathanso kuyera ndi viniga munthu nkuwotchedwa popanda chifukwa. Ndiye pali nkhani yathu ya kuno, likodzo. Amayi omwe amachapa, kusamba ndi kulima mpunga m'mbali mwa Chilwa, mazira a likodzo amatha kukhala pa khomo la chiberekero nkupanga timabala ndi kutuluka magazi, zimene zimasokoneza woyang'ana. Ngati mumakhalira m'madzi amenewo auzeni anesi asanayambe. Komanso kwa amayi omwe anasiya kusamba, malo amene khansa imayambira amabwerera mkati mwa khomo maso osafikako, ndiye viniga sathandiza kwenikweni.

Musaiderere komabe. Ku Mumbai ku India anatsatira amayi kwa zaka zambiri ndipo komwe ankayezedwa ndi viniga imfa za khansayi zinatsika ndi 31 mwa 100. Chinanso, chonde musayerekeze kudzithira viniga wa mu shopu kunyumba, sikuyeza kumeneko ndipo mungodzipweteka.

2. Kuyeza kachirombo ka HPV, kuphatikizapo kudzitenga wekha

Apa ndi pomwe sayansi yasunthira kwambiri. Mmalo moyang'ana bala, makina amasaka kachirombo komwe kamayambitsa balalo. Amakupatsani kamtengo kathonje kapena kaburashi kakang'ono ndi kabotolo, mumalowa mchipinda nokha, mumalowetsa kunjira ya amayi nkupotokola kangapo, mumaika mkabotolo nkupereka. Palibe chitsulo, palibe kuvulira munthu. Akafukufuku anapeza kuti zodzitenga wekha zikayezedwa ndi makina osaka DNA ya kachirombo zimatuluka molondola pafupifupi chimodzimodzi ndi zotengedwa ndi anesi.

Umboni wake ndi wamphamvu. Mu 2009 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa m'midzi ya ku Osmanabad ku India, amayi oposa 130,000, ena anayezedwa HPV, ena viniga, ena Pap yomwe ndiifotokoza pansipa, kamodzi kokha aliyense. Komwe anayeza HPV imfa zinatsika pafupifupi ndi theka, pomwe njira ziwiri zinazo poyeza kamodzi kokhako sizinaonetse kusintha kooneka. Mu 2021 WHO inalemba malangizo atsopano oti njira yoyamba ikhale HPV, kuyambira zaka 30 kwa amayi onse ndi zaka 25 kwa omwe ali ndi HIV.

Mtengo: komwe boma ndi mabungwe akuyeza pa pologalamu mayi salipira, koma kuchipatalako ndi yodula kuposa viniga kutalitali chifukwa mayi aliyense amafuna katiriji yake, kabokosi kolowetsa mu makina oyezera, yogula kunja ndi madola. Kupulayiveti konzekerani thumba. Ndipo ngati zotsatira situluka tsiku lomwelo onjezerani ulendo wachiwiri.

Kupezeka: sinafike paliponse ngati viniga. Chabwino nchoti makina a GeneXpert omwe zipatala zambiri zili nawo kale poyeza makhololo a TB amathanso kuyeza HPV, mitundu 14 yoopsa, pa ola limodzi lokha. Koma makina omwewo ali ndi mzere wa TB ndi zina, ndiye ola limodzi lija limatha kusanduka masiku, makamaka ngati kabotolo kakuchoka ku chipatala chaching'ono kupita ku labu pa njinga yamoto. Mukafika funsani mosapita m'mbali, "kodi kuno mukuyeza HPV, nanga zotsatira zimatuluka liti?"

Zobwereza: apa ndiye imapambana zonse. Mukapezeka mulibe kachirombo mumapuma zaka 5 mpaka 10, ngati muli ndi HIV zaka 3 mpaka 5. Kuchipatala imafuna magetsi osathimathima, makatiriji osatha, ndi munthu woimba mafoni kuitana amayi.

Zoopsa: ziwiri, ndipo zonse si za makina. Choyamba nkusowa kwa mayi. Wapereka kabotolo, wapita kumudzi, nambala yomwe anasiya ndi ya mlamu wake, foni yathima sabata yonse, zotsatira zoti ali ndi HPV 16 zangokhala mu buku. Mayi ameneyu bola akanayezedwa viniga nkuwotchedwa tsiku lomwelo. Chachiwiri ndi mantha ndi mikangano ya m'banja. Kupezeka ndi HPV si kupezeka ndi khansa, ambiri opezeka nako alibe bala lililonse, kungoti akufunika awonedwe, ndiye kachitsulo kaja mudzakumana nakobe pa sitepe yachiwiri. Ndipo si umboni woti abambo ayenda dzulo kapena inu mwayenda, kachiromboka kamatha kukhala phee zaka zambiri, mwina munakatenga musanakwatiwe nkomwe. Ndanenetsa apa chifukwa ndikudziwa mmene mawu oti "opatsirana pogonana" amagwera pakhomo. Kwa amayi omwe ali pa ma ARV, ambiri ndithu amapezeka ndi HPV, nchifukwa chake WHO imati iwowa awonedwenso kaye ndi njira yachiwiri asanawotchedwe.

3. Pap

Iyi ndi yakale, ya dokotala George Papanicolaou, ndipo inatsitsa kwambiri khansayi ku Ulaya ndi ku America. Amapala pang'ono pa khomo la chiberekero, amapaka pa kagalasi, katswiri amayang'ana pa maikulosikopu.

Mtengo: nthawi zambiri ndi yolipira, kupulayiveti. Kupezeka: akatswiri owerenga magalasiwa ndi ochepa kwambiri m'dziko muno ndipo ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndiye kagalasi kanu kayenda ulendo zotsatira nkudikira masabata. Zobwereza: zaka zitatu zilizonse, mphamvu yake ili pobwerezabwereza. Zoopsa: kuyeza kamodzi kumaphonya ambiri, ndipo ulendo wachiwiri ndi wosathawika. Ngati muli ndi sikimu ya kuntchito yolipira zachipatala ndipo adokotala akupatsani mwayi wosankha pakati pa Pap ndi HPV, ine ndingatenge HPV.

4. Kamera ya AI

Tsopano kamera ija inatchulidwa ku banki m'khonde. Zoona zake ndi izi. Anesi amapakabe viniga, amalowetsabe kachitsulo, kenako amajambula khomo la chiberekero ndipo kompyuta yomwe inaphunzitsidwa ndi zithunzi zambirimbiri, imeneyi ndiye AI, imanena ngati pakuoneka bwino, pokayikitsa kapena poipa. Ndiye amene akuganiza kuti AI imuchotsera manyazi a pa bedi paja, ayi ndithu.

Nkhaniyi inamveka kwambiri mu 2019 pomwe akafukufuku a National Cancer Institute ku America anaphunzitsa kompyuta ndi zithunzi zoposa 60,000 za amayi oposa 9,400 a ku Guanacaste ku Costa Rica, zojambulidwa m'ma 1990, amayiwo atatsatiridwa kwa zaka zambiri moti zinkadziwika kuti ndani anadzadwala. Pa muyeso womwe 1 ndiye kulondola kotheratu, kompyuta inapeza 0.91, akatswiri oyang'ana zithunzi zomwezo ndi maso 0.69, Pap 0.71. Anthu anasangalala. Koma akafukufuku omwewo atapitiriza anapeza zovuta ndipo anazinena poyera, ukasintha kamera kompyuta ija imasokonezeka, ndipo zithunzi ziwiri za mayi mmodzi zojambulidwa nthawi imodzi zimatha kupatsidwa mayankho osiyana. Anabwerera kukakonza, ndipo kafukufuku wamkulu wotsatira, wotchedwa PAVE, anamukonza kuti achitike m'mayiko 9, Malawi ili momwemo pamodzi ndi Tanzania, Eswatini ndi Nigeria. Mmenemo AI sikugwira yokha, mayi amadzitenga kaye HPV, akapezeka nako ndi pomwe amajambulidwa, cholinga nchoti kamera idzathandize anesi kuona kuti uyu awotchedwe lero kapena atumizidwe.

Ine mbali imeneyi ndi yomwe imandipatsa chiyembekezo, kompyuta kukhala diso lachiwiri la nesi yemwe ali yekha ku chipatala cha kumudzi, wayeza amayi makumi angapo kuchokera mmawa, maso atopa, palibe dokotala woti amufunse. Koma kompyuta imadziwa zomwe inaonetsedwa basi. Yophunzira pa amayi a ku Costa Rica siinaone mabala a likodzo la ku Chilwa, ndipo amayi okhala ndi HIV kumeneko ndi ochepa poyerekeza ndi kuno. Nchifukwa chake kuyesedwa pa amayi athu nkofunika isanakhulupiriridwe.

Mtengo: mu kafukufuku simulipira. Wina akakulipiritsani ndalama zambiri chifukwa choti "ndi za kompyuta", funsani kuti chipangizocho chinavomerezedwa ndi ndani.

Kupezeka: ndi ya kafukufuku ndi mapologalamu oyeserera, mu malangizo a WHO a 2021 aja simuli AI ngati njira yoyezera. Osaimitsa kuyezetsa podikira imeneyi.

Zobwereza: zimatsatira njira yomwe yaphatikizidwa nayo. Kuchipatala imafuna kutchaja, kamera yoyenera, kuwala kokwanira, ndipo akasintha mtundu wa kamera pologalamuyo iyesedwenso.

Zoopsa: nesi kusiya kukhulupirira maso ake chifukwa makina anena kuti zili bwino. Ndiye palinso chithunzicho. Ndi chithunzi cha malo obisika a thupi lanu, muli ndi ufulu wofunsa kuti chisungidwa kuti, achiona ndani, dzina lanu lilipo kapena ayi, ndipo chichoka m'dziko muno kapena ayi. Pepala lachilolezo akuwerengereni m'Chichewa kapena m'Chiyao, ndipo mukakana kujambulidwa akuyenera kukuyezanibe mwa njira yanthawi zonse.

Pang'ono za katemera poti ena anafunsa. Ife a Zomba tinali oyamba, katemera wa HPV anayambira kuyesedwa kuno ndi ku Rumphi mu 2013 asanafalikire dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Kafukufuku wa ku Kenya anaonetsa kuti ngakhale jakisoni mmodzi amateteza kwambiri ku mitundu 16 ndi 18. Koma katemera sachiza kachirombo komwe kalowa kale ndipo sateteza mitundu yonse, ndiye atsikana omwe anabayidwa mu 2013 aja, pano ndi akuluakulu, nawonso akafika msinkhu adzayezetse.

Ndiye inu mutenge iti

Ngati mumakhala kutali, ku Chisi, ku Kachulu, mkati mwa Mayaka kapena kuseri kwa phiri ku Chingale, ndipo mukudziwa mumtima kuti ulendo wachiwiri ndi wovuta, pitani komwe amayeza viniga nkuwotcha tsiku lomwelo. HPV muitenge pokhapokha akutsimikizirani kuti zotsatira zituluka mukadali pompo.

Ngati muli mtauni muno, Sadzi, Chikanda, Matawale, Mpondabwino, foni ndi yanuyanu ndipo kubwerera ndi nkhani ya kabaza, funsani HPV kaye. Ikakhala palibe musabwerere chimanjamanja, yezetsani viniga tsiku lomwelo.

Ngati muli pa ma ARV musadikire zaka 30, yambani pa 25, ndipo nkhaniyi ifunseni ku kiliniki komwe mumatengera mankhwala kuti tsiku likhale limodzi. Mwayi wodwala khansayi kwa mayi yemwe ali ndi HIV ndi wochuluka kasanu ndi kamodzi, ndiye tsiku lobwerera lilembedwe mu buku lanu la kuchipatala ndipo mulisunge ngati tsiku la mankhwala.

Ngati chomwe chakhala chikukuletsani zaka zonsezi ndi manyazi, kapena kuopa kupeza nesi wachibambo, kudzitenga nokha HPV ndi khomo lanu lolowera. Ambiri zimathera pomwepo. Mukaitanidwa kuti mubwere adzakuoneni, pemphani nesi wachimayi kapena tengani mnzanu, koma pitani.

Ngati muli oyembekezera auzeni anesi a ku sikelo, iwo akuuzani nthawi yoyenera, kuwotcha amadikira mubereke kaye.

Ngati mwaitanidwa kulowa mu kafukufuku wa kamera ya AI, lowani ngati mwamvetsa ndipo mafunso a chithunzi aja ayankhidwa, mudzathandiza kuti makinawa aphunzire pa matupi athu. Mungoonetsetsa kuti pali nesi kapena dokotala yemwe akuyang'ananso yekha.

Ngati mukutaya magazi mukagonana, pakati pa masiku a kumwezi, kapena mutasiya kale kusamba ngati azakhali anga, kapena mukutuluka chikazi chonunkha chosamva mankhwala, inu simuli pa mzere wosankha njira ayi. Pitani sabata ino, nenani zizindikirozo momveka kuti akuoneni adokotala, ndipo ngati pakufunika kudula kanyama kokayeza akutumizeni ku Zomba Central Hospital. Kathonje kodzitenga nokha si yankho lanu.

Ndipo ngati mwadutsa zaka 50 musanayezetseko ngati atcheya athu, viniga sangaone bwino, funsani HPV, ikakhala palibe auzeni anesi kuti munasiya kusamba kuti akuuzeni koyenera kupita. Atcheyawo avomera kuti tipite Lolemba mmawa, ati bola ine ndilowe kaye ndituluke andione ndikuyenda.